Kwathu malire ndi msewu

Kwathu ku Lizulu malire a dziko ndi msewu. Ukachoka ku Ntcheu kulowera ku Dedza pa M1, kudzanja lamanja ndi Malawi, kumanzere ndi Mozambique. Tili ana tinkawoloka kangapo pa tsiku osaganizako n'komwe, kukagula mbatata ya kachewere, kukasaka mbuzi yosochera, kukaonerera mpira. Anthu a tsidya linalo amayankhula ngati ife, amavina ngoma ngati ife, ndipo Inkosi ya Makhosi Gomani amaitchula ndi ulemu womwewo. Azakhali anga ena anakwatiwa cha ku Domwe koma palibe amene ankati apita kunja. N'chifukwa chake m'chaka cha 2018, foni itabwera yoti kwapezeka ntchito ku Moatize, ndinauza mayi a ana anga kuti asade nkhawa, ku Mozambique ndimakudziwa. Sindinkanama. Kungoti Mozambique amene ndinkamudziwa anali wa m'mapiri a Angónia, wozizira, wa kabichi ndi nyemba. Uko ndinkapitako kunali kuchigwa cha Zambezi.

Ine ndine makaniko wa makina akuluakulu, magiredala ndi zikatapila. Pamene ankamanga njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita kudoko la Nacala, imene imadutsa m'dziko la Malawi cha ku Mwanza ndi Neno n'kukalumikiza pa Nkaya ku Balaka, ndinagwira nawo zaka ziwiri. Kapitawo wathu anali munthu wa ku Tete. Njanji itatha aliyense anapita kwake, ine n'kubwerera ku Blantyre kukagwira maganyu m'magalaja, lero kuli ntchito, mawa tikungosewera bawo pansi pa mtengo. Patatha zaka zitatu, kapitawo uja anandiimbira. Kampani ina yaing'ono yokonza makina a ku migodi inkafuna munthu wodziwa mahayidiroliki. Sindinafunse zambiri. Lendi ya nyumba ku Ndirande inali itakwana miyezi itatu osalipira.

Ndisananyamuke ndinapita kumudzi kukatsanzika. Amayi sanakondwe. M'banja mwathu nkhani ya kupita kunja kukagwira ntchito ili ndi bala. Agogo anga aamuna anapita ku migodi ya ku Joni kudzera kwa a Wenela, anabwerako ndi njinga, bulangete ndi chifuwa chimene sichinathe mpaka imfa. Mng'ono wawo anapita ku Halale ndipo sanabwererenso. Kalata zinkabwera, kenaka zinasiya. Mpaka lero sitidziwa kumene anaikidwa. Kamuzu analetsa za Wenela mu 1974, ndege yonyamula Amalawi ochokera ku migodi itagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, koma dzina lija linatsala pa depoti ya mabasi ku Blantyre, pomwe ine ndinakwerera minibasi ya ku Mwanza. Amayi anandipatsa ufa woyera m'kathumba ndi mawu awiri okha: "Usakatchone, mwanawe."

Ulendo wake si wautali. Kuchoka ku Blantyre kufika pachipata cha Mwanza ndi maola awiri kapena kuposerapo pang'ono. Ukadinditsa pasipoti umakwera njinga yamoto ya kabaza kukafika ku Zóbuè, kumene anyamata osintha ndalama amakuzungulira ndi mitolo ya makwacha ndi mametikali m'manja. Pamenepo zonse zimamveka ngati kwathu ndithu, Chichewa chili pakamwa pa aliyense. Zinthu zimasintha galimoto ikayamba kutsetsereka. Mapiri amatsala kumbuyo, mitengo imafupika, malambe amayamba kuoneka uku ndi uku, mbuzi zili balalabalala m'mbali mwa msewu, ndipo mphepo yolowa pawindo imakhala ngati yochokera m'ng'anjo. Ndinafika mwezi wa Okutobala, nthawi imene ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ambiri. Ndinakhalapo ku Nchalo, ndinkaganiza kuti kutentha ndimakudziwa. Usiku woyamba ndinanyowetsa chitenje n'kufunda, pakati pa usiku chinali chitauma gwaa.

Kampani inandisunga masabata awiri m'kachipinda ka kuseri kwa wekishopu, kenaka anandiuza kuti ndipeze pokhala. Mnyamata wina wowotcherera zitsulo, wa ku Tsangano, ndi amene ananditenga Loweruka lina kuyenda nane m'makwalala a Moatize kufunsa nyumba. Tinakanidwa malo anayi. Ena ankangomva kuti ndine mlendo n'kukweza mtengo pomwepo, poganiza kuti aliyense wogwira ntchito ya ku migodi ali ndi ndalama zosawerengeka. Malo achisanu tinapeza mayi wachikulire akusankha masau pa lichero. Mnzanga anayamba kufotokoza m'Chinyungwe, mayi aja akundiyang'ana. Kenaka anandifunsa m'Chichewa chomveka bwino, cha ku Mwanza chenicheni: "Kwanu n'kuti, bambo?" Nditati ku Ntcheu, anaika lichero pansi. "Lowani muone chipinda. Za mtengo tikambirana mukamwa madzi."

Mayi amenewa aliyense pamalopo amawatchula kuti Vovó, kutanthauza agogo, ndipo nanenso ndinazolowera kuwaitana choncho. Nkhani yawo sanandiuze tsiku limodzi. Inkatuluka pang'onopang'ono, madzulo tikakhala panja kudikira kuti malata azizire. Anathawa nkhondo mu 1986, wapansi, mwana mmodzi kumsana wina akumukoka dzanja, mpaka anakafika ku Malawi n'kukakhala ku msasa wa Luwani. Anakhalako zaka zisanu ndi ziwiri. Anabwerera kwawo mu 1993, chaka chimodzi chitadutsa kuchokera pamene boma la Frelimo ndi a Renamo anasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Pa nthawi imeneyo anthu othawa nkhondo ochokera ku Mozambique anali opitirira 1 miliyoni m'dziko la Malawi, m'dziko limene eni akefe sitinkakwana n'komwe 10 miliyoni. Ine ndimakumbukako pang'ono. M'kalasi mwathu ku pulayimale munali ana ambiri a tsidya lina, ndipo usiku wina tinkamva mfuti kumapiri, amayi n'kutiuza kuti tigone pansi.

Ndikanakonda kulemba kuti Vovó amangokumbukira zabwino zokhazokha za kwathu, koma si mmene zilili, ndipo sindikufuna kuwaikira mawu m'kamwa. Amakumbukira amayi a m'midzi yozungulira msasa akuwathamangitsa kunkhuni, akuti mwatimalizira mitengo. Amakumbukira kugwira ganyu tsiku lonse m'munda wa munthu n'kulipidwa mbale ya gaga. Amakumbukira mayina achipongwe amene ankaitanidwa nawo pamjigo. Zimenezi amazinena mosakwiya, ngati munthu wofotokoza za chaka cha njala. Koma amakumbukiranso tsiku limene mwana wawo wamng'ono, uja anabwera naye kumsana, anamwalira ndi chikuku. Analibe mwamuna pafupi, analibe m'bale. Anthu a m'mudzi woyandikana nawo anabwera ndi makasu, nyakwawa inapereka malo kumanda a mudziwo, amayi a mvano anagona nawo pasiwa usiku wonse akuimba. "Mwana wanga ali kwanu," anatero tsiku limenelo. "Ndiye inu mukhala bwanji mlendo pakhomo panga?" Ndinasowa choyankha. Zaka zonse zimene ndinakhala ku Malawi sindinaganizepo kuti m'manda a m'midzi ya ku Neno, Nsanje, Dedza ndi kwathu ku Ntcheu muli ana a anthu amene lero akukhala tsidya lino, ndipo amawakumbukira mayina.

Za mapepala ndingonenako mwachidule, chifukwa amene akuganiza zobwera ayenera kuzidziwa. Mmalawi amalowa mu Mozambique popanda viza n'kukhala masiku 30, koma chidindo chimenecho si chilolezo chogwirira ntchito. Ambiri amasokoneza pamenepa. Chilolezo cha ntchito amapempha ndi abwana ako, ndipo lamulo limaika malire a alendo amene kampani ingalembe. Nthawi imene ndinkabwera, kampani yaikulu inkaloledwa alendo 5 pa antchito 100 aliwonse, yapakatikati 8, yaing'ono 10. Ndiye ukamva kuti malo a alendo adzaza, si nkhanza za munthu ayi. Ukatha pamenepo pamabwera DIRE, chiphaso chokhalira m'dziko, chimene amapereka a zolowa ndi kutuluka, komanso NUIT, nambala ya msonkho imene popanda iyo ku banki sakutsegulira akaunti. Masatifiketi anga a ntchito anayenera kumasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka. Zonsezi zinanditengera miyezi, ndipo nthawi yonseyo ndinkayenda ndi mapepala m'kapulasitiki m'thumba la malaya. Ndaona anyamata akwathu amene analowa ndi chidindo cha masiku 30, n'kuyamba ntchito pomanga nyumba kapena m'magalaja popanda pepala lililonse. Abwana akakana kuwalipira alibe kokadandaula, ndipo akaona yunifolomu patali amalowa m'tchire. Moyo umenewo umadya munthu m'kati.

Chimene chinandivuta kuposa dzuwa ndi chilankhulo. Mu wekishopu zonse ndi Chipwitikizi: mayina a zipangizo, malamulo a chitetezo m'mawa uliwonse, malipoti a ntchito. Manja anga ankadziwa chochita, koma pakamwa panalibe mawu. Munthu wa zaka 33, wodziwa kumasula pampu ya hayidiroliki ndi maso otseka, ndinkaima ngati mwana wa sitandade 1 kudikira kuti wina andilozere ndi chala. Tsiku lina ndinaona kuti paipi ina yatsala pang'ono kuphulika ndipo mnzanga anali pansi pa makinawo. Ndinakuwa m'Chichewa, sanamve, ndinachita kumukoka mwendo. Usiku umenewo ndinagula kope la ana asukulu. Tsiku lililonse ndinkalemba mawu khumi, kumanzere Chipwitikizi, kumanja Chichewa, ndipo mdzukulu wa Vovó, mtsikana wa kalasi yachisanu, ankandifunsa madzulo ngati mphunzitsi. Ankandikonza mosanyengerera. Chinyungwe chokha sichinandivute kwambiri. Chili ngati Chisena cha kuchigwa cha Shire, ndipo ukatchera khutu umapeza mawu ambiri ndi athu omwe atangovala malaya ena. Wina akati "Muli tani?" sufunika womasulira. Ndinazindikira msanga kuti Chipwitikizi chimakutsegulira ofesi, koma pamsika wa Kwachena mayi wogulitsa nsomba zouma za chicoa amakuwonjezera pulayizi ukamupatsa moni m'Chinyungwe.

Ngakhale kuwerenga ndalama kunafuna kuphunzira. Boma linachotsa maziro atatu pa metikali mu 2006, koma pakamwa pa anthu mawerengedwe akale sanachoke. Kondakitala wa chapa, minibasi yakuno, akakuuza mtengo mu "contos" umayamba waima kaye kuganiza. Magetsi timagula a Credelec pafoni monga mmene kwathu timagulira mayunitsi, ndalama timatumizirana pa M-Pesa kapena e-Mola. Kutumiza kumudzi ndiye kunali ndi njira zakezake: dalaivala wa thiraki wodziwika, kapena wosintha ndalama wa pa Zóbuè amene umamutumizira mametikali iye n'kuika makwacha pa Airtel Money ya amayi. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomwe ndinkatumiza inayamba kuoneka yambiri pa foni ya amayi, ndipo achibale ena anayamba kundiyesa wolemera. Koma thumba la feteleza nalo linali litakwera, ndipo mafoni opempha thandizo anachuluka kuposa kale. Kukana m'bale uli kunja n'kovuta kwambiri kusiyana ndi kumukana uli naye pafupi, chifukwa iye saona kuti iwenso ukugona m'chipinda cha lendi.

Chaka choyamba chonse ndinkakhala ngati munthu wodikira basi. Sindinagule mpando, sindinagule bedi, matiresi pansi basi. Ndinkadziuza kuti mlendo ndi mame, dzuwa likakwera ndikhala nditapita. Lamulungu ndinkangogona kapena kukwera chapa kupita mumzinda wa Tete kukaima pa mlatho wa Samora Machel kuonerera madzi a Zambezi, kapenanso kuima m'mbali mwa msewu kuonerera mathiraki a kwathu akudutsa, ochokera ku Beira ndi ku Harare, ndikuwerenga manambala a BT ndi LL ngati ndikuwerenga makalata. Amene anandichotsa m'moyo umenewo ndi mnyamata wa ku Tsangano uja. Ananditengera ku tchalitchi cha Reformada, chimene chili pa ubale wakalekale ndi mpingo wathu wa CCAP wa ku Nkhoma. Nditalowa ndinamva nyimbo yomwe amayi amaimba akamapalira, m'Chichewa, mawu ake omwewo. Ndinakhala pa benchi yakumbuyo, sindinathe kuimba nawo, kukhosi kunali kutatseka.

Banja linabwera kumayambiriro kwa 2020, kutatsala pang'ono kuti Covid-19 itseke zipata. Tikanachedwa ndi miyezi iwiri tikanakhala motalikirana nthawi yaitali. Mayi a ana anavutika kuposa ine, chifukwa ine ndinali ndi ntchito yondidzutsa m'mawa pamene iwo ankatsala pakhomo ndi fumbi la malasha limene limadetsa zovala zili pachingwe. Analira miyezi yoyamba, ndipo kawiri anandiuza kuti akubwerera. Vovó ndi amene anawatenga kupita nawo kumsika, kuwaonetsa kogula mbatata ya ku Angónia pamtengo wa pikulitsa, ndi kuwaphunzitsa kuphika nyama ya mbuzi mmene amaphikira kuno. Lero ali ndi benchi yawo ya mbatata ndi tomato, ndipo Chinyungwe amayankhula kuposa ine. Mwana wathu wamkulu anabwerera m'mbuyo kalasi imodzi chifukwa cha chilankhulo, komanso chifukwa chaka cha sukulu kuno chimayamba kumayambiriro kwa chaka pamene kwathu chimayamba mu Seputembala. Zinamuwawa. Pano ndi iye amene amandiwerengera makalata a ku ofesi za boma. Wamng'ono anabadwira konkuno. Akamasewera ndi anzake amasakaniza zilankhulo zitatu m'chiganizo chimodzi, ndipo ine ndimaumirira kuti pa mphasa ya chakudya tiziyankhula Chichewa chokha, kuti akapita ku Lizulu asakakhale chete pamaso pa agogo ake.

M'dera lathu muli bambo wina amene amayang'anira nyumba za m'chigawo chathu, amene kuno amati chefe do quarteirão. Kukagwa maliro amayenda khomo ndi khomo ndi kope, aliyense n'kuponya kangachepe, kaya ndalama, kaya ufa, kaya nkhuni. Zaka zitatu zoyambirira ankafika pakhomo la Vovó, n'kudumpha chitseko changa. Sankachita mwachipongwe, ankandipatsa moni bwinobwino. Kungoti anthu a ku migodi amabwera n'kupita, ndipo palibe amene amalemba mame m'kope. Ine ndinkapita kumaliroko ndithu, koma ndinkakhala kumapeto, kupepesa, n'kubwerako.

Mu Januwale 2022 kunabwera namondwe wa Ana. Mvula yomweyo imene inawononga damu la Kapichira kwathu n'kusiya dziko mumdima inadzaza mtsinje wa Revúboè kuno, mlatho wina unaduka, ndipo nyumba zambiri za m'mbali mwa mtsinje zinakokoloka. Mnyamata wina wa m'chigawo chathu, woyendetsa njinga yamoto, anatengedwa ndi madzi. Anamupeza patatha masiku awiri. M'bandakucha wa tsiku lotsatira ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza bambo a kope aja, ali ndi khasu ndi fosholo. Sanandipatse kope poyamba. Anandipatsa fosholo. "Vizinho, tiyeni," anatero, kutanthauza kuti mnansi. Kwathu ntchito ya kumanda ili ndi eni ake, adzukulu, ndipo mlendo saigwira. Ndinavala nsapato zanga za kuntchito n'kuwatsatira. Nthaka ya ku Moatize ndi ya miyala, ngakhale mvula itagwa chotere pansi pake panali pouma, ndipo tinasinthana amuna asanu ndi atatu mpaka dzuwa litakwera. Titabwerako anatsegula kope lija pa bondo, n'kundifunsa kalembedwe ka dzina la bambo anga. Analilemba pansi pa dzina la Vovó. Sabata yotsatira ndinapita kwa kalipentala kukaitanitsa bedi ndi mipando inayi.

Sikuti kuyambira pamenepo zonse zinasalala. Mgodi waukulu utagulitsidwa kuchoka ku kampani ya Vale kupita ku ya Vulcan mu 2022, makampani aang'ono ngati yathu anakhala miyezi osadziwa ngati makontirakiti apitirira, ndipo mlendo amadziwa kuti ntchito ikatha, chilolezo chake chokhalira chimathera pomwepo. Zionetsero zimene zinatsatira chisankho cha mu Okutobala 2024 zinatitsekera m'nyumba masiku angapo, misewu itatsekedwa, mathiraki a mafuta opita kwathu ataima. Masiku amenewo ndinkasamala pakamwa panga. Ndale za eni dziko ndi za eni dziko, ngakhale anzako a kuntchito akufunse maganizo ako. Anansi ndi amene ankatiuza msewu woyenera kupewa ndi tsiku loti ana asapite kusukulu.

Chaka chatha amayi anavomera kubwera kudzationa. Ndinakawatenga pa Zóbuè mwezi wa Juni, nthawi imene kuno kumazizirako, ngakhale iwo ankangodzikupiza ndi mpango njira yonse. Anayendera nyumba, anagwira mipando, anayang'ana benchi ya apongozi awo kumsika, osanena kanthu. Madzulo anakhala pa mphasa ndi Vovó, akazi awiri a msinkhu umodzi, akukambirana za chaka chimene mfuti zinkamveka kumapiri, wina ali mbali iyi wina mbali inayo. Anakambirana mpaka mwezi unatuluka. Ine ndinali chapatali ndikukonza njinga ya mwana, koma ndinkamva.

Kenaka amayi anatsitsa mawu. Ananena za mng'ono wa agogo uja wa ku Halale, amene manda ake palibe anawaona. Anati iwo akukalamba, ndipo chimene chimawasowetsa tulo si ndalama, koma kuti mwana wawoyu atati wadwala kuno, kapena zitachitika zina, adzamva kwa yani, ndipo adzamunyamula ndani.

Vovó anatenga kanthawi asanayankhe. Anasuntha lichero la masau n'kuliika pakati pawo.

"Mayi," anatero, "dzina lake lili m'kope lathu. Mulungu atalola zimenezo, foni yoyamba idzakhala yanga. Ndipo sitidzamutumiza ndi dalaivala wa thiraki ayi, tidzabwera naye tokha mpaka pakhomo panu. Msewu wa ku Malawi ndimaudziwa, ndinauyenda wapansi."

Amayi anatenga sau limodzi, analipukuta pa chitenje, n'kufunsa ngati ku Luwani, kumene kuli mwana uja, Vovó anapitakonso chibwerereni. Anati ayi, sanapiteko. Amayi anatembenukira kwa ine n'kundifunsa kuti tchuthi changa cha Disembala chiyamba pa dati yanji, ndiponso ngati m'galimoto ya mnzanga wa ku Tsangano mungakwane anthu asanu ndi mmodzi.